Banzi la a Filipo Lokana Kutuluka mu Uvuni

Kuseri kwa nyumba ya a Filipo Mwale, m'mudzi wina wa kumtunda kwa Malomo, kudali uvuni wa njerwa ndi dothi, wozungulira ngati chulu, wa kakamwa kakang'ono kotsekera ndi chidutswa cha lata. Adaumanga ndi manja awo mayi Elizabeti, akazi awo a Filipo, pothandizana ndi mng'ono wawo Lenia. M'menemo ndimo munkatuluka mabanzi amene adatchuka dera lonselo: ofewa ngati tsaya la khanda, otsekemera mosapyola muyeso, oti ukawafinya m'dzanja ankabwerera okha. Mayi Elizabeti akamakanda mtanda ankaimba nyimbo za kutchalitchi motsitsa mawu, ndipo anthu ankati n'chifukwa chake mabanziwo ankatupa mwaulemu chotero.

A Filipo adali mkulu wa mpingo ndiponso mlimi wa fodya wosaopa dzuwa. Mtima wawo udali wabwino ndithu. Pamaliro ankafika oyamba, ndipo wodwala sankagona osapemphereredwa iwo ali pafupi. Koma Mlengi powaumba, zikuoneka kuti dothi lidatsalira pang'ono m'makutu. Munthu akangoyamba kuwafotokozera kanthu, kaya ndi njira ya ku Chezi, kaya ndi kamwedwe ka mankhwala, iwo ankakweza dzanja n'kumudula pakamwa: "Zimenezo ndikudziwa kale."

Chaka chimenecho mpingo unkayembekezera abusa atsopano, ndipo mwambo wowalandira udaikidwa Loweruka lina m'mwezi wa Julayi. Pamsonkhano wogawana ntchito, wina adalonjeza mbuzi, wina mpunga, wina nkhuni. A Filipo adaimirira, n'kukonza jekete, nalengeza kuti za tiyi zisamusowetse munthu tulo: abusa pamodzi ndi mlendo aliyense adzadya mabanzi a kunyumba kwawo mpaka kumasula lamba. Anthu adaomba m'manja ndi mtima wonse, pakuti aliyense ankadziwa manja amene adzakande mtandawo.

Koma za mawa amadziwa ndi Mwini kumwamba. Lachinayi lake foni idalira. Mwana wawo Diana, wokwatiwa ku Dzoole, adali atachira ndi mwana wamwamuna masiku asanakwane, ndipo ankafuna amayi ake. Mayi Elizabeti adalongedza zovala akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Asanakwere njinga ya kabaza, adawalowetsa amuna awo m'chipinda chosungiramo zakudya n'kuwaonetsa zonse zimene adagula kale: thumba la fulawa, shuga, majarini, mkaka, mazira, ndi paketi yaikulu ya yisiti imene iwo ankatapako ndi kasupuni miyezi yathunthu.

"Bambo a Diana, mukamuuze Lenia abwere Loweruka m'mamawa adzaphike. Inu ntchito yanu ndi nkhuni basi."

A Filipo adagwedeza mutu. Koma njinga itangozimirira kuseri kwa mitengo ya bulugamu, ganizo lidawalowa ngati njoka ija idanyenga makolo athu oyamba m'munda. Kodi iwo sadakhale pampando wawo wandalema zaka zonsezi, akuona akazi awo akukanda? Chovuta n'chiyani pamenepo? Munthu wodziwa kulera fodya kuchokera kunazale mpaka kumudinda m'belo angalephere kuumba timipira ta ufa? Adadziona kale ataima pamaso pa mpingo, akuulula modzichepetsa kuti mabanziwo awaphika ndi manja awo, amayi a Chigwirizano akululutira. Kwa Lenia sadapiteko.

Loweruka kudacha ndi chisanu chija cha m'mapiri a Ntchisi, choluma makutu ndi kulimbitsa majarini ngati sopo. A Filipo adamanga chitenje cha akazi awo m'chiuno pamwamba pa buluku, n'kutulutsa beseni lalikulu lochapira. Adakhuthuliramo thumba lonse la fulawa, shuga, mazira ndi zina zonse, nathira theka la paketi ya yisiti, n'kuyamba kukanda ndi mphamvu za munthu woponda dothi la njerwa.

Ali mkati mwa nkhondoyo, Lenia adatulukira atanyamula epuloni yake yophikira. Achemwali ake, powadziwa bwino amuna awo, adali atamuimbira foni ali ku Dzoole komweko. Lenia adaima pakhomo la khitchini, n'kuwayang'ana alamu akewo kuyambira kumutu kumene kudachita mbuu ndi fulawa mpaka kumiyendo.

"Alamu, chitenje mwayamba liti? Mukadanena tikadakulowetsani Chigwirizano."

"Khalani pansi, alamu, lero muphunzire," adatero a Filipo akupuma mwawefuwefu.

Lenia adayesa kuchonderera kuti amusiyire beseni, koma dzanja lija lidakwezedwa, mtanda ukulendewera ku zala. Iye adaona kuti kulimbana nawo n'kutaya malovu. Adakoka kampando, n'kukhala pakhonde ndi lichero la mtedza wosaswa, ngati munthu amene wafika msanga pabwalo la masewero.

Mtanda utakandika, a Filipo adaima pambali n'kumauyang'ana kuti utupe. Mtandawo udangoti phee. Adazungulira beseni, adakhosomola, adaukhudza ndi chala, koma udali ngati munthu wogona pa ulaliki wautali. Lenia adawauza kuti mtanda sukonda kuyang'anidwa. Aufunditse bulangete, auike pakadzuwa, aupatse nthawi yake, makamaka kukazizira chotere. A Filipo adati zimenezo akudziwa kale, koma vuto silidali chisanu ayi. Adabwerera m'chipinda muja n'kutuluka ndi theka lotsala la yisiti.

"Alamu, mwathira kale wokwanira mudzi wonse!"

"Uja adali wokulitsa," adayankha a Filipo mofatsa, ngati akuphunzitsa kalasi ya ofuna ubatizo. "Uyu ndi wobereketsa. Mudaona kuti mbewu yobereka ndi feteleza wa ulendo umodzi?"

Lenia adatsamwa ndi mtedza. Atapezanso mpweya adafunsa ngati pambuyo pake adzaupaliranso mtandawo ndi kuubandira, koma a Filipo adali atayambiranso kukanda ndipo sadamve.

Za moto nazo zidayenda chimodzimodzi. Mayi Elizabeti ankasonkha moto waukulu m'kati mwa uvuni mpaka njerwa zitayera ndi kutentha, kenaka n'kukokolola makala onse, n'kulowetsa mabanzi pang'onopang'ono, thireyi zingapo paulendo, lililonse lili ndi malo ake opumira. A Filipo adasonkha kamoto kaulemu, ponena kuti tsamba labwino la fodya limauma ndi moto wodekha. Lenia adalowetsa dzanja mu uvunimo n'kunena kuti m'menemo mwana akhoza kugonamo osalira. Sadamumvere. Ndipo pakuti belu loyamba la kutchalitchi lidali litalira kale kutsidya kwa dambo, adaganiza zophika zonse paulendo umodzi. Adaumba mipira ya mtanda yaikulu ngati mapapaya, n'kuithinanitsa pa thireyi, thireyi n'kuzigundanitsa mu uvuni mpaka pansi ponse padadzaza. Mlamu wawo atanena kuti asiyeko mipata, iwo adati munda wosiya mipata ndi munda wa mlesi. Adatseka ndi lata lija, n'kutsamiritsapo mwala, nasamba m'manja ngati munthu amene watsiriza ntchito yabwino.

Tsono yisiti uja, amene adazunzika ndi chisanu m'mawa wonse, atangomva kutenthera kwa uvuni adadzuka yense pamodzi, wokulitsa ndi wobereketsa yemwe. Poyamba padamveka kaphokoso ngati munthu akuusa moyo. Kenaka mwala uja udasendera wokha. Nkhuku zimene zinkatola nyenyeswa pafupi zidatukula mitu. Posakhalitsa lata lidagwa chagada, ndipo pakamwa pa uvuni padasuzumira chinthu choyera, chosalala, chonenepa, chikutuluka pang'onopang'ono ngati mimba ya munthu wochokera ku ukwati.

Lenia adasiya lichero n'kuyamba kuyimba nyimbo ya kuuka kwa akufa.

A Filipo adathamangira pomwepo, nakankhira chinthucho m'kati ndi manja awiri, n'kubwezera lata, n'kuchirikiza ndi mtengo wa chigafa. Apa mpamene adavomereza, mumtima mokha, kuti moto udachepadi. Adaunjika makala amoto pakhomo ndi kuzungulira uvuni wonse, n'kumakupiza ndi chivundikiro cha ndowa mpaka thukuta lidalemba mizere pa fulawa wa kumaso kwawo.

Ndipo taonani kuleza mtima kwa Mulungu, amene amagwetsera mvula m'munda wa womvera ndi wa wosamvera yemwe: patapita nthawi, fungo lidayamba kutuluka. Lidali fungo labwino ndithu, ngakhale kuti kumapeto kwake linkakhotera pang'ono ku mowa wa masese, zimene sizidali zoyenera kuseri kwa nyumba ya mkulu wa mpingo. Atachotsa lata adapeza kuti mabanzi mulibe. Mipira yonse ija idali itayanjana, n'kukhala thupi limodzi, banzi limodzi lofiirira bwino, lodzaza uvuni kuyambira pansi mpaka kudenga, khoma ili ndi khoma ilo.

Lenia adabudula kachidutswa pakhomopo, nalawa pang'ono, n'kukweza zikope. Adavomera kuti n'kofewa ndipo shuga akumveka. Chotsala adachikulunga mu epuloni yake. Kenaka, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, adalankhula mopanda nthabwala. Adati Ambuye awachitira chifundo chosawayenera, ndipo asachitaye. Atenge mpeni wautali, adule banzilo m'kati momwemo, atulutse zidutswazidutswa n'kuziika m'malichero. Zimene sizidapse azibwezere pamoto. Anthu akaviika mu tiyi sadzafunsa za maonekedwe.

Koma a Filipo adali atagwada pakhomo la uvuni, maso ali mwaa, ngati ana a Israele m'mawa woyamba wa mana. Chinthu chotere chidali chisanaoneke m'boma lonse la Ntchisi. Adaona m'maganizo mwawo anyamata a kwaya atachinyamula pachitseko, chathunthu, akulowa nacho pabwalo la tchalitchi, abusa atsopano akuimirira ndi kuvula magalasi.

"Chimenechi sichidulidwa. Chipita chamoyo."

"Chituluka bwanji, alamu? Mutu wa ng'ombe m'kamwa mwa botolo?"

A Filipo adayeza khomo ndi zikhatho, n'kuyezanso banzi ndi maso. Adati nkhani yake ndi yaing'ono: angochotsa njerwa zingapo pamwamba pa khomo, banzi lituluke, madzulo adzazibwezere, amayi a Diana sadzadziwa n'komwe. Lenia adaimirira, mtedza n'kumwazika. Adawakumbutsa kuti uvuniwo adamanga nawo iye, ndipo njerwa yapakati pamwamba pa khomo ndi imene idagwira zinzake zonse. Achemwali ake poiika adachita kupemphera. Adati ngati akufuna kugwetsa kanthu akagwetse chigafa chawo, osati chuma cha mwini wake amene ali kutali.

"Alamu, ine ndamanga zigafa inu musanamere mano. Zimenezo ndikudziwa kale."

Adatenga chikwanje, nalowetsa nsonga yake pansi pa njerwa yapakati ija, n'kutekenya. Njerwayo idatuluka mosavuta, ngati dzino la mwana. A Filipo adaitukula m'mwamba n'kumuonetsa mlamu wawo, akumwetulira. Uvuni udaima chiimire kwa kanthawi kokwanira kumeza malovu. Kenaka mng'alu udathamanga kuchokera pakhomo mpaka pamwamba, ndipo chulu chonsecho chidakhala pansi ndi mkokomo umodzi. Malinga a Yeriko adafuna malipenga ndi masiku ozungulira. Uvuni wa mayi Elizabeti udangofuna a Filipo ndi chikwanje.

Fumbi litatsika, a Filipo adali chiimire pomwepo, njerwa ikadali m'dzanja, nkhope ili bii ndi mwaye, maso okha akuyera. Adagwada n'kuyamba kufukula ndi manja. Apa mpamene chinsinsi cha banzi lija chidaululika: lidapsa khungu lokha. M'kati monse mudali phala lomata, ndipo tsopano lidali litakwatirana ndi dothi, phulusa ndi zidutswa za njerwa, ukwati wosatheka kuulekanitsa. Nkhuku zidafika zosaitanidwa. Mbuzi ya oyandikana nawo idanunkhiza, n'kuyetsemula, n'kubwerera.

Kutsidya belu lachiwiri lidalira.

Lenia adali ndi mawu ambiri okonzeka, akuthwa bwino, koma atawaona alamu ake atakhala pa mulu wa njerwa, chitenje chitamasuka, adawameza onse. Adathamangira kutchalitchi kukauza amayi amene ankaphika kumeneko, ndipo iwo, atatha kugwirana m'mapewa ndi kupukuta misozi, adatumiza anthu m'nyumba zapafupi kukatenga mbatata n'kuiteleka m'miphika yaikulu. Pobwerera adawapeza a Filipo akuganiza zodwala malungo. Adawauza kuti malungo a mkulu wa mpingo amabweretsa mpingo wonse kudzazonda, ndipo odzazondawo adzadutsa kuseri kwa nyumba. Adamasula epuloni yake, n'kuika kachidutswa kaja pambale yadothi, n'kuvundikira ndi kansalu koyera.

"Mudalonjeza kuti abusa adya za m'nyumba muno. Nyamulani."

Pabwalo la tchalitchi anthu adali atadzaza. Kwaya idaimba, amayi adavina ndi kuyala zitenje, abusa atsopano ndi akazi awo adakhazikidwa pamipando yakutsogolo. Nthawi ya tiyi itakwana, a Kalebe, amene ankayendetsa mwambo ndipo adali asanamve kanthu, adakometsa mawu. Adauza abusa kuti kumene achokera mwina adadyako mabanzi, koma lero ndi limene adziwe chimene mawuwo amatanthauza. Ndipo adaitana a Filipo kuti abwere ndi katundu wawo.

A Filipo adayenda pakati pa anthu ndi kambale kaja m'manja awiri. Adali atasamba, koma mwaye udatsalira m'makutu ndi m'mphepete mwa tsitsi. Anthu ankasuzumira kumbuyo kwawo kufuna kuona onyamula malichero. Kudalibe. Atafika kutsogolo adagwada, navundukula kansalu, ndipo pambalepo padali kanthu kosaposa bokosi la machesi, kali ndi malo amene Lenia adalumapo.

Kunama sadaname; pamenepo tiwayamikire. Adafotokoza zonse ndi mawu otsika: za uthenga umene sadakapereke, za wokulitsa ndi wobereketsa, za njerwa yapakati. Pofika pa wobereketsa, alimi a kumbuyo adali atagwira kale nthiti. Pofika pa chikwanje, amayi a Chigwirizano adabisa nkhope m'mipango yawo yoyera, mapewa akugwedezeka, ndipo a Kalebe adachita kukhala pansi.

Abusa adali munthu wachikulire, wa nkhope yodekha. Adatenga kachidutswako, napemphera monga apempherera chakudya chilichonse, n'kukanyema pakati, theka n'kupatsa akazi awo. Adatafuna mosafulumira.

"Akulu a mpingo, n'chokoma ndithu, ndipo lonjezo lanu kwa ine mwalisunga. Koma khamu ili ndiliyang'ane bwanji? Mphatso yochulukitsa mikate sindidapatsidwe."

Pamenepo ndiye bwalo lonse lidasweka, ndipo a Filipo nawo, atayesa kulimba, adaseka misozi ikutsika. Mbatata idabwera ikufuka nthunzi, anthu adamwera tiyi, ndipo palibe adapita kwawo ndi njala. Koma a Filipo mbatata yawo adaisiya m'mbale, pakuti mpingo kukhululuka n'kosavuta. Uvuni sudali wa mpingo.

Mayi Elizabeti adabwerako sabata yotsatira. Nkhani idawachingamira panjira: kondakitala wa minibasi, osadziwa amene wanyamula, adaifotokozera galimoto yonse, ndipo m'kamwa mwake banzilo lidali litakula mpaka kufanana ndi ngolo. Atafika pakhomo sadalowe m'nyumba. Adapita molunjika kuseri, chikwama chili m'manja, n'kuima nthawi yaitali pamene padali uvuni wawo. A Filipo adali atasanja njerwa zotsala mwadongosolo ndi kusesa pamalopo, ndipo adaima chapatali chipewa chili m'manja, ngati mwana wolowerera amene waiwala mawu amene adakonza panjira.

Mayiwo adawerama, natola njerwa imodzi, n'kuipukuta ndi chikhatho. Maso awo adali atanyowa. Adapuma mozama, n'kuwauza amuna awo kuti mdzukulu ali bwino, amayamwa ngati mwana wa ng'ombe, ndipo a kuchimuna akufuna kumutcha dzina la agogo ake, loti Filipo.

"Ndawapempha kuti ayambe adikira, tione kaye makutu ake ngati ali obooka."

Atatero adalowa m'khitchini, natuluka ndi khasu ndi ndowa, n'kuziika pamapazi pa amuna awo. Adati dothi la uvuni limachokera pachulu cha kumunsi kwa dimba, osati lapamwamba, ndipo pali kasakanizidwe kake. A Filipo dzanja lidayamba kukwera lokha monga mwa chizolowezi. Lidafika pachifuwa, n'kuima, n'kukanda pakhosi, n'kutsika kukagwira mpini wa khasu.

"Kasakanizidwe kake n'kotani, amayi a Diana?"

Uvuni watsopano udamangidwa m'masiku otsatirawo, a Filipo akuponda dothi ndi kupereka njerwa, akazi awo ndi Lenia atakhala pamthunzi akulamula ngati akapitawo a Farao, koma akuwapatsako tiyi. Njerwa yapakati adaiika mayi Elizabeti okha, amuna awo atauzidwa kuti aike manja kumbuyo. Mabanzi oyamba kutulukamo adapita kunyumba ya abusa m'lichero lodzaza, lililonse palokha, ndipo wonyamula pamutu adali mkulu wa mpingo yemwe uja.

Nzeru si ya munthu mmodzi, abale. Mulungu adaigawa m'mitu yambiri kuti tizifunana. Adaona patali makolo athu pamene adati: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.